Kuyerekeza zinthu ziwiri m'Chingerezi: "than" payekha sakwanira

Mwana wa Sitandade 7 akalemba kuti "Chambo is expensive than usipa", aphunzitsi ambiri timangodula ndi cholembera chofiira n'kupitirira. Sabata yotsatira mwana yemweyo alembanso "Monkey Bay is far than Nkopola". Cholakwa chomwechi chimamutsata mpaka Fomu 4, pomwe wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Nkofunika tsono kudziwa komwe chimachokera, chifukwa mwanayo si waulesi ayi. Waganiza bwinobwino, kungoti waganiza m'Chichewa.

M'Chichewa timati: chambo n'chodula kuposa usipa. Mawu oti "chodula" sasintha, ntchito yonse yoyerekeza yasenzedwa ndi "kuposa". Ana ambiri a kuno ku Mangochi kwawo amayankhula Chiyao, ndipo nachonso chimayenda njira yomweyo ndi mawu oti "kupunda". Mwana akamva kuti "than" ndiye "kuposa", amangochotsa uyu n'kuikapo uyo, basi wamaliza. Koma Chingerezi chimafuna zizindikiro ziwiri. Choyamba chimakhala pa mfotokozi weniweniyo, chachiwiri ndiye "than". Chiganizo cholondola ndi "Chambo is more expensive than usipa". Musaphunzitse "than" payekha. Pa bolodi muzilemba awiriwo pamodzi nthawi zonse: "bigger than", "cheaper than", "more expensive than", ndipo ana aziwatchula ngati mawu amodzi.

Chizindikiro choyambacho chili pawiri, "-er" kumapeto kwa mawu kapena "more" patsogolo pake, ndipo chosankhira ndi kuchuluka kwa maphatikizo. Mawu a phatikizo limodzi amatenga "-er": cheap akhala cheaper, deep akhala deeper, cold akhala colder. A maphatikizo atatu kapena kupitirira amatenga "more": more expensive, more beautiful, more difficult. Njira yowerengera maphatikizo yomwe tonse tinaizolowera ndi kuomba m'manja, koma pano pali msampha womwe ambiri sauona. Lilime lathu silikonda kutsiriza mawu ndi lembo lopanda liwu, ndiye mwana amatchula big ngati "bigi", cheap ngati "tchipu", strong ngati "sitirongi". Akaomba m'manja apeza maphatikizo awiri, atatu, ngakhale anayi, kenako alemba "more big" ndi mtima wokhazikika. Yambani mwakonza katchulidwe. Tchulani inuyo mawuwo, mudule mpweya pa lembo lomaliza, ana abwereze katatu, ndiyeno muombe m'manja. Mukalumpha apa, lamulo la maphatikizo lidzawasokoneza m'malo mowathandiza.

Mawu a maphatikizo awiri ndiwo amafuna kudekha. Othera ndi "y" amataya lembolo n'kutenga "-ier": heavy akhala heavier, busy akhala busier, easy akhala easier, dirty akhala dirtier. Othera ndi "-ful", "-ous", "-ing" kapena "-ed" amatenga "more": more careful, more famous, more boring, more crowded. Alipo ena monga clever, quiet, simple ndi narrow omwe amalola njira zonse ziwiri, ndipo musamudule mwana walemba "more clever" poti inu munazolowera "cleverer".

Pa kalembedwe, lamulo lomwe limaiwalika msanga ndi lobwereza lembo. Mawu a phatikizo limodzi akathera ndi lembo la liwu limodzi lotsatidwa ndi lembo lopanda liwu limodzi, lomalizalo limalembedwa kawiri: big, bigger, hot, hotter, thin, thinner, wet, wetter. Cheap sabwereza "p" chifukwa malembo a liwu alimo awiri, ndipo "w" wa new ndi slow sabwerezedwa. Mawu othera kale ndi "e" amangolandira "r": large, larger, safe, safer. Otsala ndi osatsata lamulo, oti n'kuloweza basi: good akhala better, bad akhala worse, far akhala farther kapena further, little akhala less, many ndi much akhala more. Ndi ochepa, koma ndiwo amene munthu amawafuna tsiku lililonse.

Mwana akangozindikira kuti pamafunika chizindikiro, amayamba kuika ziwiri nthawi imodzi: "more better", "more cheaper". Izi zisakukhumudwitseni, zikusonyeza kuti wasuntha kuchoka pa cholakwa choyamba chija. Chomwe akufuna kunena ndi "kuposa kwambiri", ndipo alibe mawu ake. Mpatseni. Chingerezi chimakuza kusiyana ndi much, far kapena a lot, ndipo chimachepetsa ndi a bit, a little kapena slightly. "Lake Malawi is much deeper than Lake Malombe" ndi chiganizo choona ndithu, poti nyanja yaikuluyi imafika pafupifupi mamita 700 pamalo pozama kwambiri, pamene Malombe ndi ya mamita ochepa chabe. Mawu oti very sayenda ndi mfotokozi woyerekeza, choncho "very bigger" ndi cholakwa, ngakhale "very big" ali bwino.

Zinthu zikafanana, pomwe ife timati "ngati" kapena "chimodzimodzi", Chingerezi chimamanga mfotokozi pakati pa "as" awiri, ndipo mfotokoziyo sasintha: "This canoe is as long as that one". Ana amakonda kutaya "as" woyamba, kapena kutsiriza ndi "like" kapena "than". Mnzake wake ndi "not as ... as", yemwe ali ndi phindu lalikulu kwa anyamata ndi atsikana ogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Cape Maclear kapena ogulitsa ziboliboli. Kuuza mlendo kuti "This room is not as big as the other one" kumamveka mwaulemu kuposa kumuuza kuti chipindacho ndi "worse". Wogulitsa adziwenso kuti mtengo wa chinthu sutchedwa expensive. Katundu ndiye amakhala expensive kapena cheap, mtengo umakhala higher kapena lower.

Pamenepa pamabisala cholakwa china chomwe chimadya malikisi pa chimangirizo cha ku sekondale. "The weather in Namwera is cooler than Mangochi boma" chikuyerekeza nyengo ndi tauni. Zoyerekezedwa ziyenera kukhala za mtundu umodzi: "Namwera is cooler than Mangochi boma", kapena "The weather in Namwera is cooler than the weather at the boma". Wophunzira azidzifunsa kuti, kumanzere kwa "than" kuli chiyani, nanga kumanja kuli chiyani? Pa zowerengeka timati "fewer boats", pa zosawerengeka "less fuel". Senior, junior ndi prefer amatenga "to", osati "than": "I prefer chambo to kampango". Ndipo "than" ndi "then" m'kamwa mwathu amamveka ofanana, ndiye muziwayesa polemba, osati poyankhula pokha.

Za kuposa zonse, monga "the biggest" ndi "the most expensive", zisiyeni kaye mpaka kuyerekeza ziwiri kutakhazikika. Kuziphunzitsa tsiku limodzi ndiko kumabala "more biggest".

Pokonza phunziro, musatenge afotokozi opitirira asanu ndi mmodzi patsiku, atatu a "-er" ndi atatu a "more". Bweretsani zinthu zogwirika ziwiriziwiri: mango awiri osiyana kukula, ndowa yodzaza ndi ina yatheka, chingwe chachitali ndi chachifupi. Mphindi zisanu zoyamba ana anene chiganizo m'Chichewa kapena m'Chiyao, kuti aone okha kuti chizindikiro chili chimodzi. Mphindi khumi zotsatira anene m'Chingerezi awiriawiri, wina afunse "Which one is heavier?" mnzake ayankhe ndi chiganizo chathunthu. Kulemba kubwere pomaliza, ziganizo zisanu zokha, za malo omwe anawo akuwadziwa, monga ulendo wa ku Makanjira ndi wa ku Namwera. M'kalasi ya ana ochuluka simungathe kuchonga makope onse, ndiye asinthane makope, aliyense adule mzere pansi pa "-er" kapena "more" ndi kuzunguliza "than". Chiganizo chomwe chili ndi chozunguliza koma chopanda mzere chibwerere kwa mwini wake akachikonze belu lisanalire.