Mukafuna phwando la zaka za m'ma 90, yambani mwafufuza wailesi ya kaseti

Mwana wa achemwali anga anabwera kudzabwereka zovala, ati anzake akonza phwando lokumbukira zaka za m'ma 90. Atandionetsa zithunzi pafoni ndinaseka mpaka misozi: anyamata a ku New York, matcheni agolide lendelende m'khosi. Ine ndinakulira ku Ndirande zaka zimenezo, ndipo tcheni chomwe ndinkachidziwa chinali cha njinga ya bambo. Ngati nanunso mukukonza phwando lotere, chitani lathu la konkuno.

Muyambe mwagwirizana chaka, chifukwa 1991 ndi 1997 ndi maiko awiri osiyana. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yoonetsa mawondo, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza. Linachotsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu ija ya pa 14 June. Ndiye mukasankha 1991, amayi avale diresi lophimba mawondo, la masiponji m'mapewa, lamba wamkulu m'chiuno, pitikoti mkati. Abambo malaya opisira bwinobwino, thalauza la mzere wakuthwa wa simbi yamakala, nsapato za Bata zopolisha. Mukasankha 1997, jinzi yotaya ndi jekete la mitundu yokuwa zilowe. Zonsezi zili pa kaunjika, koma musayang'ane zopachikidwa pa mahang'ala. Fukulani mulu wapansi umene ogulitsa anautaya mtima. Diresi la masiponji likasowa, pitani kwa telala wachikulire wa pakhonde la sitolo, sadzafunsa kawiri.

Tsitsi silivuta. Anyamata amete tebulo kati, pamwamba pakhale posalala ngati mungaikepo kapu ya tiyi. Atsikana amange la ulusi wakuda.

Pabalaza ndiye pamafuna manja. Simenti ipakidwe polishi wofiira wa Cobra, kenako wina aipukute ndi nsanza kuphazi mpaka iwale. Mpando uliwonse ukhale ndi kansalu koluka ndi koloshi pamsana ndi pamikono, kena patebulo pansi pa maluwa apulasitiki. Kabati yagalasi muikemo mbale ndi matambula a alendo, zimene ife ana tinkangoziona ngati katundu wa m'sitolo. Pakhoma kalendala, ngakhale ya chaka chatha, bola chithunzi chake n'chokongola. Kanema mubiseni kuchipinda. TVM, wailesi yakanema yoyamba m'dziko muno, inayamba kuulutsa mu 1999, ndipo isanabwere ambirife mafilimu tinkakaonera m'tinyumba ta vidiyo kumsika, titapanikizana pabenchi. M'nyumba mfumu inali wailesi, nayonso yofunditsidwa kansalu kake.

Wailesiyo muifufuze sabata ziwiri phwando lisanafike, chifukwa idzakhala ikudwala. Yakhala zaka m'katoni kwa agogo. Mukadina batani n'kumva mota ikulira koma kaseti osazungulira, ndiye kuti kalamba kamphira ka mkati kanatha kapena kanasungunuka, ndipo okonza mawailesi kumsika amasintha. Ikamalira mawu ali ngati akuchokera m'madzi, tsegulani kachitseko, nyowetsani thonje ndi sipiriti, mupukute kamutu kachitsulo kamene tepi imakhudza. Mupukutenso kagudumu kakuda kamphira ka pambali pake. Kameneko kakada ndiye kamachititsa wailesi kutafuna tepi. Dikirani ziume musanaike kaseti.

Kasetiyo musaiike n'kuimba pomwepo. Tepi yokhalitsa imamatirirana, choncho muizungulitse kaye mpaka kumapeto n'kuibweza. Ife tinkachita ndi bolopeni ya Bic, kuilowetsa pabowo n'kumaizunguza m'mwamba, posafuna kutha mabatire. Ya Bic imagwira bwino chifukwa ili ndi mbali zisanu ndi imodzi, yozungulira imangoterereka. Yang'ananinso kasiponji kakang'ono kamene kali pansi pa tepi pakatikati. Kakagwa mawu samveka, koma mutha kuchotsa ka kaseti ina n'kumata. Tepi yoduka dulani mbali zonse ndi lezala, mulumikize ndi kachidutswa ka selotepi kumsana kwake, osati mbali yokhudza kamutu. Ine ndinkamata ndi Cutex wa achemwali, ndipo nyimbo ina ndinakula ndikuidziwa ili yodumpha mawu awiri. Kaseti yochita nkhungu yoyera ingoisiyani, idzadetsa wailesi yonse. Mukakhala ndi mwayi wosankha, tengani za C60, za mphindi 30 mbali iliyonse. Za C90 tepi yake ndi yopyapyala, sichedwa kutafunidwa.

Ina ikakhala yamtengo wapatali, monga ya ukwati wa makolo, thyolani timano tiwiri ta pamwamba pake kuti batani lofiira lisadinike. Ndinaphunzira ndi chikwapu nditafufuta kwaya ya mayi pojambula nyimbo pa Radio 2.

Nyimbo zake mukuzidziwa. Kwasakwasa wa Kanda Bongo Man ndi Pepe Kalle kuti anthu atuluke thukuta, rege ya ku Balaka ya Alleluya Band ndi Lucius Banda, yemwe chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1994, kenako Lucky Dube anthu akatopa. Ndombolo ibwere pokhapokha mwasankha zaka zakumapeto. Wina adzabwera ndi fulashi, ati muli nyimbo zomwezo komanso zomveka bwino. Mukaneni. Pa fulashi munthu amadumpha nyimbo ikangoyamba, pomwe pa kaseti mumavina yomwe yabwera, muikonde musaikonde.

Chakudya: mpunga, nkhuku yachikuda, kabichi, zitumbuwa m'beseni. Ana apatsidwe Sobo wothira madzi ambiri mpaka mtundu uzingooneka patali, akuluakulu Cocopina ndi Cherry Plum wa m'botolo.

Gulaninso mabatire akuluakulu, chifukwa magetsi akazima phwando lisaime. Akayamba kufooka woimba amakoka mawu ngati woledzera, ndipo ife tinkawayanika padzuwa tikukhulupirira kuti abwerera mphamvu. Pomaliza sankhani mwana mmodzi akhale pafupi ndi wailesi. Mbali A ikatha batani lidzalira kuti thwa, anthu adzaima miyendo ili m'mwamba, ndipo onse adzamukuwira kuti atembenuze msanga. Kwathu ntchito imeneyo inali yanga kuyambira ndili Sitandade 4.