Kusamalira malinki a source code kuti asafe

Ndimasamalira kapulogalamu kakang'ono ka open source, ndipo aliyense wobwera kudzathandiza ndimamuuza kaye kuti ambiri otenga khodi yathu ndi makina. Ma script (timapulogalamu togwira ntchito tokha) a mapulojekiti ogawa mapulogalamu monga Debian, Homebrew, Arch, Gentoo ndi Nix amapita pa adiresi imene tinalengeza, n'kutenga fayilo, ndipo ambiri mwa iwo amayerekeza checksum yake (nambala yowerengedwa kuchokera ku zamkati mwa fayilo, imene imasintha fayiloyo ikasintha) ndi imene anasunga kale. Adiresi ikasowa, kapena fayilo ikasintha ngakhale pang'ono chabe, ntchito imaima pomwepo. Makina safunsa kumene mwasamukira.

Yambani ndi adiresi. Ikhale pa domeni yanuyanu, osati ya kampani imene ikukusungirani khodi. Malo osungira khodi amatha kutsekedwa kapena kusintha: Gitorious inatsekedwa mu 2015, Google Code mu 2016, ndipo mu 2020 Bitbucket inachotsa ma repository (nkhokwe za khodi) a mtundu wa Mercurial. Domeni ikakhala yanu, mafayilo mukhoza kuwasamutsira kulikonse, adiresi yakale n'kungoilozetsa kumalo atsopano ndi redirect ya 301, yankho la seva lonena kuti fayilo inasamukiratu. Onetsetsani kuti malipiro a domeniyo akuchitika okha chaka ndi chaka, ndipo anthu awiri kapena atatu akhale ndi chilolezo choiyendetsa, chifukwa wosamalira pulojekiti amadwala, amatopa, nthawi zina amangosiya.

Nkhani ya fayilo yeniyeniyo ndi imene ndimaiumirira kwambiri. Pangani tarball (fayilo imodzi yomanga khodi yonse pamodzi) nokha, muipatse dzina lokhala ndi nambala, monga pulogalamu-1.4.2.tar.gz, muikweze pamodzi ndi checksum yake ya SHA-256 ndi siginecha ya GPG yotsimikizira kuti yachokera kwa inu. Musadalire fayilo imene GitHub imapanga yokha kuchokera pa tag (chizindikiro chosonyeza mmene khodi inalili potulutsa nambala inayake). Fayilo imeneyo imapangidwa pamene munthu waipempha, ndipo mu Januwale 2023 GitHub itasintha njira yopanikizira mafayilowa, ma checksum anasintha ngakhale kuti khodi ya mkati inali yomweyo. Mapulojekiti ambiri, kuphatikizapo ogwiritsa ntchito Bazel (chida chomangira mapulogalamu), analephera kumanga mapulogalamu awo mpaka GitHub itabweza zinthu mmene zinalili. Fayilo imene mwakweza nokha imakhala mmene munaisiyira.

Mukatulutsa 1.4.2, musadzaikhudzenso. Mwapeza cholakwika patangopita ola limodzi? Tulutsani 1.4.3. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kungosintha mwakachetechete poganiza kuti palibe amene waona, koma makina ena atenga kale, ndipo mudzakhala ndi mafayilo awiri osiyana pa dzina limodzi. Kwa munthu wosamala za chitetezo, zimenezi sizisiyana ndi zimene zimachitika akuba akalowa pa seva. Tag nayonso isasunthidwe. Linki ya "latest" ikhalepo ngati mukuifuna, koma izingoloza ku fayilo yokhala ndi nambala.

Zakale musafufute. Apache imasunga zotulutsa zake zakale pa archive.apache.org, ndipo inunso mukhoza kuchita chimodzimodzi, pakuti khodi siidya malo ambiri. Palinso nkhani ya laisensi: mukagawa pulogalamu ya laisensi ya GPL yomangidwa kale n'kulonjeza polemba kuti khodi mudzaipereka, lonjezolo liyenera kugwira ntchito kwa zaka zosachepera 3.

Sunganinso kope kwina. Software Heritage, imene bungwe la kafukufuku la ku France la Inria linaikhazikitsa mu 2016, imalola aliyense kupempha kuti repository isungidwe. Zenodo ya CERN imapereka DOI (nambala yosasintha yodziwira chinthu pa intaneti) pa release iliyonse, zimene zimathandiza ofufuza amene akufuna kutchula pulogalamu yanu m'zolemba zawo.

Chotsala ndi kuyesa. Ine ndinaika script pa cron (chida choyendetsa ntchito pa nthawi yoikika) yoti iziyenda sabata iliyonse, pa kompyuta ina yosakhala seva yathu. Imatenga fayilo iliyonse ndi curl n'kuiyesa ndi sha256sum. Kungoona kuti seva yayankha 200 (kutanthauza kuti zonse zili bwino) sikokwanira, chifukwa domeni yotha nthawi imatha kuyankha 200 ikuonetsa tsamba la malonda. Script yomweyo izionanso malinki a mu README ndi m'mabuku a malangizo, komanso tsiku limene satifiketi ya HTTPS ithe, ndipo ikapeza vuto izitumiza uthenga kwa anthu onse amene ali ndi chilolezo chokonza seva.