Mmene mungayesere risiva ya wideband kuno ku Lower Shire, pogwiritsa miyeso ya asilikali

Anthu ambiri akagula ka dongle ka SDR, ka risiva ka USB ka wideband komwe kamalandira dera lalikulu la mafunde a wailesi kudzera pa kompyuta, amangowerenga zapabokosi, 24 MHz mpaka 1766 MHz, basi mtima m'malo kuti apeza makutu a asilikali. Ayi ndithu abale. Manambala amenewo akungonena komwe kangathe kufika, sakunena kuti kakafikako kamva chani. Amene amapanga marisiva ausilikali aja omvetsera ma radar ndi mawailesi a adani sayambira pamenepo, iwo amafunsa kuti nthawi imodzi ikuona dera lalikulu bwanji, siginolo yofooka yomwe ingatole ndi yotani, ndiye pali funso lomwe limagwetsa marisiva ambiri, siginolo yamphamvu ikakhala pambali yofooka ija imamvekabe? Mafunso omwewa mutha kuyesera kanu muli ku Nchalo kaya ku Bangula ndi laputopu yakale yomweyo.

Tigwirizane kaye chimodzi, poyesa gwiritsani ntchito zinthu zoulutsira aliyense, masiteshoni a FM, shortwave, ndi ma siginolo omwe ndege zimadziulutsira zokha. Za mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'anira a MACRA, ndipo kumvetsera mobisa zokambirana za apolisi, asilikali kapena mafoni a anthu ndi kudziputira milandu, komanso simuphunzirapo kanthu kalikonse pa za risiva yanu.

Kulumikiza sikovuta. Pa Windows ikani driver ndi Zadig kenako tsegulani SDR# kapena SDR++, pa foni ya Android pali SDR Touch bola mukhale ndi ka kebulo ka OTG. Dongle musaizike pa laputopu penipeni, iikeni pa kebulo ya USB yotalikirapo chifukwa laputopuyo imatulutsa phokoso lake.

Yambani ndi kukula kwa dera. Ka RTL-SDR kamene ambiri tili nako, ka chip ya RTL2832U ya Realtek, kanapangidwira kuonera TV ndipo cha m'ma 2012 ndi pomwe anthu anatulukira kuti kangakhale risiva, kamaona bwinobwino 2.4 MHz nthawi imodzi. Mutha kukakamiza mpaka 3.2 koma yesani ndi pulogalamu ya rtl_test muone, kamayamba kutaya ma sample. Pa marisiva ena a SDR, HackRF One imaona 20 MHz, Airspy R2 imaona 10. Nanga zili ndi ntchito yanji? Tengani wailesi ya asilikali a ku America yotchedwa SINCGARS, imalankhula pakati pa 30 ndi 88 MHz ndipo imadumpha frequency kupitirira ka 100 pa sekondi imodzi. Dera lonselo ndi 58 MHz, inu mukuona 2.4, ndiye kuti pa kudumpha 100 kulikonse mugwirapo mwina kanayi, kwinako kwapita osadziwa n'komwe. Akatswiri amati probability of intercept, mwayi woti siginolo ikatuluka ipeze inu mukuyang'ana pomwepo, ndipo n'chifukwa chake amalipira ndalama zankhaninkhani pa risiva yoona dera lalikulu osasuntha. Zida zambiri zochenjeza ndege zankhondo za radar zimayang'anira kuyambira 2 mpaka 18 GHz, komwe ka dongle kathu sikafikako ngakhale pang'ono.

Kanu kuti kazungulire dera lake lonse kayenera kuponda masitepe opitirira 700. Pali pulogalamu ya rtl_power yochita zimenezo, isiyeni igwire usiku wonse pa dera laling'ono, ikuonetsani zomwe zimakhalitsa monga masiteshoni, koma zongoti phethi siziona, ndiye musakaimbe mlandu.

Za phokoso tsopano. Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa phokoso la magetsi, pa kutentha kwa 17°C ndi -174 dBm pa Hz imodzi (dBm ndi muyeso wa mphamvu, nambalayi ikamayandikira ziro ndiye kuti mphamvu ikukula), palibe risiva ngakhale ya ndalama zingati yomwe ingazembe limeneli pokhapokha aiziziritse. Mukatsegula fyuluta ya 10 kHz phokoso limakhala -134 dBm, mukatsegula 2.4 MHz lafika cha pa -110, kenako onjezeranipo phokoso la risiva yeniyeniyo lomwe amati noise figure. Zili ngati ukonde ku Elephant Marsh, ukakula umakoka nsomba ndi namasupuni yemwe. Ndiye mu SDR# musasiye bandwidth ili yotambasuka, ichepetseni ingokwanira siginolo mukumverayo, mawu a AM cha pa 8 kapena 10 kHz, FM ya masiteshoni cha pa 200 kHz.

Kayesedwe kake n'kophweka, ine ndimakakonda chifukwa kamapulumutsa ndalama. Pitani pa frequency yopanda siteshoni, chotsani eriyo, onani pomwe mzere wa phokoso wakhala. Bwezeretsani eriyo. Mzere uja ukakwera ndiye kuti phokoso lakunja laposa kale la risiva yanu, kugula LNA, amplifaya yokuza siginolo yofooka, n'kutaya ndalama, mungokuza phokoso lomwelo. Ukangokhala pomwepo osasuntha, apo LNA ingathandize, koma iikeni kumtunda pafupi ndi eriyo osati pa tebulo. Phokoso lakunjalo nthawi zambiri ndi la m'nyumba mwanu momwe, inveta ya sola, machaja otchipa a foni, mababu a LED. Zimitsani chimodzichimodzi mukuyang'ana waterfall, chithunzi cha ma siginolo pa sikirini, wolakwa aoneka. Magetsi akazima dera lonse ndiye nthawi yabwino kwambiri, laputopu ili pa batire, mumva masiteshoni omwe simunkadziwa kuti amafika kuno.

Ena amati kutentha kwathu kuno, October uja ku Ngabu kukamapitirira 40°C, ndi komwe kumagonthetsa risiva. Werengani masamu, kuchoka pa 17°C kufika pa 45°C phokoso lija limangokwera ndi 0.4 dB, khutu silingamve. Chomwe kutentha kumasokoneza ndi crystal ya mkati yomwe imasunga frequency pamalo pake. Ma dongle otchipa amaphonya frequency ndi ma ppm angapo (magawo pa miliyoni) ndipo akamatentha amasunthabe, kakaphonya ndi 30 ppm pa 100 MHz ndi 3 kHz chabe koma pa 1090 MHz zafika pafupifupi 33 kHz. Kayatseni kakhale mphindi 15 katenthe kaye, ndiye mukonze ppm. Musakasiye pansi pa malata masana kapena padzuwa pawindo. Amene muli ndi RTL-SDR Blog V3 kapena V4 muli ndi TCXO ya 1 ppm, crystal yosasuntha kwambiri ndi kutentha, vutoli silikukhudzani kwenikweni.

Apa ndiye pagona nkhani, dynamic range. Mkati muli ADC yosandutsa siginolo kukhala manambala, bit iliyonse imapereka pafupifupi 6 dB. RTL-SDR ndi HackRF onse ndi a 8 bit, ndiye kusiyana kwa siginolo yaikulu ndi yaing'ono zomwe angasunge limodzi ndi cha m'ma 48 dB. Airspy R2 ndi ya 12 bit, SDRplay RSP1A imafika 14. Onani HackRF, imafika 6 GHz, imadula, koma pa nkhani iyi ili pamzere umodzi ndi ka dongle kathu. Ndipo risiva ya wideband khomo lake ndi lotsegula, siteshoni yamphamvu imalowa ngakhale inu simukuifuna. Mukakhala pafupi ndi nsanja ya wailesi, tinene muli ku Bangula komwe kuli Gaka FM kapena pa boma la Nsanje komwe kuli Nyathepa, kapena pafupi ndi nsanja ya mafoni, amplifaya ya mkati imakhuta n'kuyamba kusakaniza ma siginolo, imabereka ena omwe kunja kulibe.

Chitsanzo, siteshoni ina ili pa 105 MHz ina pa 92 MHz. Chulukitsani 105 kawiri muchotsepo 92, yankho ndi 118 MHz, ndendende poyambira bandi ya ndege yomwe imafika 137 MHz. Ndiye munthu amapezeka akumva nyimbo pamalo pomwe palibe wailesi n'kumadzitama kuti risiva yake ndi yamphamvu, pomwe yakhuta. Kuti mudziwe yeniyeni ndi yabodza zimitsani AGC yomwe imasintha yokha gain (mulingo womwe amplifaya ikukuzira siginolo), tsitsani gain pang'onopang'ono. Siginolo yeniyeni imatsika mofanana ndi mmene mwatsitsira, yabodza yamtundu uwu imatsika katatu, mukachotsa 5 dB iyo yagwa ndi 15, nthawi zina kungosoweratu. Njira ina sunthani frequency yapakati pang'ono, yeniyeni imakhalabe pa nambala yake pomwe zina zabodza zimayenda kapena kuthawira mbali ina.

Gain yoyenera mumaipeza chonchi, sankhani siteshoni yofooka, kwezani gain mukuyang'ana mpata wa pakati pa nsonga ya siginolo ndi mzere wa phokoso. Poyamba mpatawo umakula, kenako umaima, mukapitiriza phokoso limakwera limodzi ndi siginolo ndipo ma siginolo abodza aja amayamba kuphuka paliponse. Bwererani pomwe unaima paja. Anthu ambiri amangokankhira slider kumapeto poganiza kuti ndi voliyumu, ndipo n'zomwe zimawagonthetsa. Asilikali amathana nalo vutoli poika mafyuluta ambiri kutsogolo omwe amasinthana malinga ndi bandi, inu gulani kamodzi ka FM band-stop kotseka 88 mpaka 108 MHz, kwa ine kameneka n'kofunika kuposa LNA, muzikachotsa pokhapo mukufuna kumvera FM.

Malo athu nawo ali ndi mbali yake. Tili pansi, mapiri a Thyolo atitchinga chakum'mawa, kukwera ku Blantyre mpaka udutse zitunda za Thabwa, ndipo VHF ndi UHF zimayenda molunjika. Mtunda womwe eriyo imaona ndi pafupifupi 4.1 kuchulukitsa ndi square root ya kutalika kwake m'mamita, yankho mu makilomita. Eriyo yomangirira pa nsungwi ya mamita 9 ikupatsani makilomita 12 pamalo athyathyathya. Koma ndege yomwe ili pa mamita 10,000 imaoneka mpaka cha m'ma 400 km, n'chifukwa chake ADS-B, siginolo yomwe ndege zimaulutsa yonena pomwe zili, pa 1090 MHz ndi muyeso wabwino kuno. Dulani waya wa kopa wa 6.9 cm, ndiye kota ya wavelength, masamu ake ndi 75 kugawa ndi frequency mu MHz, yankho m'mamita, pa FM amatuluka 75 cm. Ikani timiyendo tinayi totalika chimodzimodzi topendekera pansi, tsegulani pulogalamu ya dump1090, lembani ndege yakutali kwambiri yomwe mwaigwira. Zotsika kukatera ku Chileka zizikusowani zikangolowa kuseri kwa mapiri, risiva ilibe mlandu pamenepo. Musinthe chinthu chimodzi chokha, kaya gain kaya kutalika kwa nsungwi, muyesenso mawa nthawi yomweyo chifukwa ndege siziuluka mofanana tsiku lonse.

Kebulo musanyozere. Ya RG-58 yoonda ija pa 1090 MHz mamita 10 okha yadya kale mphamvu yoposa theka, bola RG-6 ya dishi yomwe imapezeka m'mashopu a zamagetsi. Polumikizira kunja kulungani tepi bwinobwino madzi asalowe. Mvula ikayamba kugunda cha ku Mozambique zulani kebulo ya eriyo pa dongle muiponye panja, musadikire kuti ifike pamudzi, mphezi ngakhale yagwera patali imatha kuwotcha tuner, ndipo nsungwi yaitali ija ngati n'kotheka igonekeni pansi mpaka kutacha.