Mmene mungasandutsire spec ya protocol kukhala code yoyenda

Anzanga a ICT pa Mzuni amene mwatenga project ya ma protocol, nkhani ili apa: spec (chikalata chofotokoza malamulo amene makompyuta amatsata polankhulana) kaya yalembedwa mu chilankhulo cha SDL cha bungwe la ITU-T, kaya mu cha Estelle chomwe bungwe la ISO linatulutsa mu 1989, imangokupatsani ma state (pomwe protocol ili pa nthawiyo) ndi ma transition (kuchoka pa state ina kupita pa ina) basi, siyikuuzani kuti kompyuta iyambe ndi chiti. Zimenezo mumasankha nokha, ndipo njira zodziwika zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi server model. Layer iliyonse (ma layer ndi magawo osanjikizana a protocol) muipatse queue yake, ndiye kuti mzere wa ma message, kenako mulembe loop imodzi yomangozungulira, itenge message pamzere, ione state yomwe ilipo, ichite transition mpaka kumapeto osadukiza, zotuluka iziponye mu queue ya layer inayo. Zili ngati kuchipatala, kolembetsa mzere wake, kwa adokotala mzere wake, kolandira mankhwala nakonso mzere. Code yake imafanana ndi spec ndendende ndiye bug simuvutika kuipeza. Vuto ndi kuchedwa, message iliyonse kumangolowa ndi kutuluka m'ma queue.

Yachiwiri ndi activity thread. Kuno kulibe za mizere, packet ikafika layer yapansi imangoitana function ya layer yapamwamba, iyonso kuitana ina mpaka data ifike ku application. David Clark wa ku MIT analemba za kuitana kotereku mu 1985, anakutcha ma upcall. Ndiyachangu zedi koma apa mpamene ambiri amagwera. Tiyerekeze TCP yanu (protocol yotumizira data pa intaneti) ili pa state ya SYN-SENT (yapempha connection, ikudikira yankho), yalandira SYN-ACK (yankho lovomera), inu mwaitana application musanasinthe state kukhala ESTABLISHED (connection yatseguka), application nayo pompo yatumiza data kubwerera pansi nkupeza connection idakali pa SYN-SENT, data ija ingokhala osapita ndipo mudzagona mochedwa kusakasaka chalakwika. Ndiye sinthani state kaye, kuitanako kubwere pomaliza. Transition ikatulutsa ma message awiri asungeni pambali, muwatumize itatha.

Ine ndikuti yambani ndi server model ndithu. Ma transition muwaike mu table, mzere uliwonse wa table ukhale ndi state, event (chomwe chachitika), chochita ndi state yotsatira, TCP yonse ili ndi ma state 11 okha ndiye sizochuluka. Yesani pa loopback (kompyuta kudzitumizira yokha ma packet), laptop imodzi yakwana komanso sizidya bundle, program ya Wireshark ili chotsegula muziona ma packet akudutsa. Zikayenda bwino mpamene musinthe njira ya data yokha kukhala ma function call, koma ma timer ndi zotsegula connection zisiyeni mu queue momwemo kuti zisamalowerere transition ili pakati.