Mwendo umodzi ukatupa, musausisite

Mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba n'kumapweteka komanso kutentha, musausisite. Mwina magazi aundana mumtsempha wamkati, ndipo chibulumwacho chikasuntha chimakatseka mitsempha ya m'mapapo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukayamba kubanika mwadzidzidzi, kumva kubaya pachifuwa popuma kapena kutsokomola magazi, musadikire kuti kuche.

Magazi amaundana akamayenda pang'onopang'ono. Paulendo wopitirira maola 4, muziimirira n'kuyendako. Zikakanika, muzikweza ndi kutsitsa zidendene muli chikhalire. Wochitidwa opaleshoni ayambe kuyenda adokotala akangomulola. Amayi oyembekezera, amene angobereka (mpaka masabata 6) ndi omwa mapiritsi olera okhala ndi homoni ya estrogen asamale kwambiri.

Mankhwala monga heparin, warfarin ndi rivaroxaban sasungunula chibulumwacho. Amangochiletsa kukula, thupi n'kumachisungunula lokha, n'chifukwa chake chithandizo chimatenga miyezi 3 kapena kuposerapo. Kusiya mankhwala ululu ukangotha ndiko kumabwezeretsa vuto. Wa warfarin aziyezetsa INR, nambala yosonyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane. Nthawi zambiri imafunika ikhale pakati pa 2 ndi 3. Musaphatikize mankhwalawa ndi aspirin, ibuprofen kapena diclofenac adokotala asanavomere. Chimbudzi chikada ngati phula, mwina magazi akutayika m'mimba, thamangirani kuchipatala. Warfarin amavulaza mwana wosabadwa, choncho woyembekezera amabayidwa heparin.