Mbozi ya nyanga m'munda wa mbatata: tolani, musathamangire kupopera

Alimi a mbatata ku Namwera, ku Katuli ndi m'madimba a m'mbali mwa nyanja ya Malombe, mvula ikakhazikika yenderani mizere yanu. Mukaona kholowa atadyedwa mpaka kutsala timitsitsi tokha, ndipo pansi pali timibulu takuda ta zitosi, mbozi ya nyanga yafika. Ndi yonenepa, yobiriwira kapena yoderapo, ya mizere yopendekera m'nthiti, ndipo ikakula imafika masentimita 9. Kanyanga kali kumatako kwakeko sikaluma, musaope kuigwira.

Mayi wake ndi gulugufe wausiku wotchedwa Agrius convolvuli, wa thupi lalikulu la mizere yofiirira ndi yakuda. Amapezeka kuno kunyanja mpaka kumapiri a Nyika, ndipo mapiko ake ndi amphamvu moti ena amawoloka kukafika ku Ulaya. Amaikira dzira limodzilimodzi pa tsamba. Mbozi ikadya kwa milungu itatu kapena inayi imalowa m'dothi, n'kusanduka kanthu kolimba kofiirira, kokhala ndi chogwirira ngati cha kapu.

Pempho langa ndi lakuti mutole ndi manja. Pitani m'mamawa kapena chakumadzulo, tembenuzani masamba, ponyani mbozizo m'chitini, nkhuku zikadye. Munda waung'ono banja limatha kuumaliza dzuwa lisanatenthe. Kholowa ndi ndiwo, amayi amathyola tsiku lililonse, ndiye mankhwala opopera pamenepo amathera mu mphika. Zimandiwawa kuona mlimi akuwononga ndalama pa botolo chifukwa cha mbozi zoti akanatola yekha.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Agulugufe a mtundu umenewu ndiwo amathandiza mapapaya kubereka. Kukamada amayandama pa duwa osatera, n'kulowetsa mlomo wawo wautali kuti amwe timadzi, ndipo potero amanyamula mungu kuchoka pa papaya lalimuna kupita pa lalikazi. Choncho musadule mapapaya onse aamuna pakhomo, siyaniko limodzi, ndipo ana asamaphe agulugufewa akabwera pa nyale.

Mukakumba mbatata, galauzani dothi kuti zobisala zija zituluke, dzuwa ndi mbalame zithane nazo. Chaka chamawa bzalani chimanga kapena mtedza pamenepo. Koma mbozi zikabwera zambirimbiri m'munda waukulu mbatata ikadali yanthete, itanani mlangizi wa kwanuko adzaone musanagule mankhwala alionse.