Kuyala plywood pansi m'nyumba yakale

Mwafunsa kuti matabwa a pansi m'nyumba yanu yakale awola ndipo akulira mukaponda, ndiye muyambire pati.

Zulani matabwa akale onse, koma musanalowetse sowo fufuzani kaye pomwe padutsa mapaipi ndi mawaya a magetsi. Mukatero mitanda yomwe imanyamula matabwawo ionekera, ndipo apa ndiye pofunika kufatsa. Bayani mtanda uliwonse ndi msomali waukulu, makamaka pomwe walowa m'khoma. Msomali ukangolowa ngati mukubaya mbatata yophika, dziwani kuti chinyezi kapena chiswe chadya kale. Wofooka pang'ono muuphatikize ndi thabwa latsopano m'mbali n'kumanga ndi mabawuti, wowoleratu muuchotse. Chonde, pezaninso komwe madzi akuchokera, ndipo tsekulani timabowo tolowetsa mphepo kunsi kwa khoma. Mukapanda kutero, chatsopanocho chidzawolanso.

Kenako kokani chingwe pamwamba pa mitanda kuti muone yotsika ndi yokwera, n'kuilinganiza.

Ngati mitanda yatalikirana mamilimita 400, plywood (thabwa lalikulu lopangidwa pomata timatabwa topyapyala) wokhuthala mamilimita 18 ndi wokwanira. Muyaleni mopingasa mitanda, mapeto ake azigwera pakati pa mtanda, ndipo malumikizo azisemphana monga timayalira njerwa. Siyani kampata ka mamilimita 3 pakati pa matabwa a plywood ndi mamilimita 10 kukhoma, chifukwa thabwa limafufuma nyengo ya mvula.

Pakani guluu pa mtanda, ndiyeno mangani ndi masikuluwu, osati misomali: pa mamilimita 150 aliwonse m'mphepete, 300 pakati. Musanaike matailosi kapena kapeti, yendanipo paliponse. Pomwe palira, onjezani sikuluwu.